Matokeni 30 a pa Chinkhoma: lipoti la momwe ndinalembera ndi kuyang'anira wodzaza makina anga

Ndili ndi makina anayi ogulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi m'boma la Kasungu. Ndi aja oti munthu amaponya kachitsulo pabowo, n'kudina batani, chitini cha Fanta kapena Coca-Cola n'kugwa chokha popanda wogulitsa. Atatu ali patauni: pamalo ena omwetsera mafuta, pa loji ina, ndi pakhonde la chipatala china chomwe si cha boma. Achinayi ndimawaika pa Chinkhoma, m'mbali mwa msewu wa M1, nyengo ya malonda a fodya yokha, chifukwa kuyambira Epulo mpaka msika utatsekedwa pamalopo pamadzaza alimi, madalaivala a malole ndi anyamata onyamula mabelo, onse ali ndi ludzu. Lipotili likunena za bambo amene amadzaza makinawa, momwe ndinawapezera, ndi momwe ndinawalakwira mu 2024. Mayina a anthu ndi a malo amalonda sinditchula.

Ntchito yake ndi yotani

Makinawa ndinawagula akale mu 2022, ochokera ku Johannesburg. Kumeneko ankadya ndalama zachitsulo za rand. Kuno ndalama yachitsulo sigula kanthu, ngakhale mwana akaiona pansi satola, ndipo ndalama zathu zapepala zimafika zofewa, zina zomatidwa ndi selotepi, moti makina akanangozilavula. Choncho ndinatengera nzeru ya eni matebulo a pulu: matokeni. Mekaniki wina wa ku Lilongwe anasintha pakamwa pa makina kuti azilandira matokeni anga, omwe ali ndi chilembo chimodzi chodinda pakati. Mwini malo amene ndaikapo makina amagulitsa matokeniwo pakauntala pake, amatengapo komishoni, zotsala n'zanga. Tokeni imodzi, chakumwa chimodzi, mtengo umodzi.

Anthu akamaona makina akugulitsa okha amaganiza kuti bizinesi iyi sifuna wantchito. Imafuna, ndipo wantchitoyo amagwira yekha, kutali ndi maso a bwana. Amakatenga makreti kuholoselo, amawamangirira panjinga yamoto, amatsegula chitseko cha makina, amadzaza mizere, zakale kutsogolo zatsopano kumbuyo kuti zisathere nthawi m'kati. Amapukuta fumbi kumbuyo kwa firiji, amachotsa tokeni yomwe yakakamira, kenaka amatsegula bokosi la matokeni, kuwawerenga, ndi kuwabwezera kwa mwini malo kuti agulitsidwenso. Chaka chomwe ndinayamba magetsi ankazima kwambiri, mphepo ya Ana itaononga pa Kapichira mu Januwale 2022, ndiye panalinso ntchito yoyendera makina magetsi akabwera kuti aone ngati ayaka.

Makina aliwonse ali ndi mita yosabwerera m'mbuyo, yowerenga chakumwa chilichonse chomwe chatuluka. Choncho sabata iliyonse pali manambala anayi oyenera kukwatirana: zomwe mita yayenda, zitini zomwe zachoka m'mizere, matokeni a m'bokosi, ndi ndalama zomwe mwini malo wapereka. Kale ndinali kalaliki wa ndalama pa esiteti ina ya fodya, ndipo manambala ndimawakhulupirira. Ndinkaona ngati manambala anayiwa ndi okwanira kuyang'anira munthu aliyense.

Woyamba

Woyamba kumulemba anali mwana wa mchemwali wanga. Panalibe pepala, panalibe malipiro odziwika bwino, ndinangomupatsa makiyi onse awiri, wa chitseko ndi wa bokosi. Mnyamatayo sanali wakuba. Ankangotsegulira anzake zakumwa pa ngongole, ndipo ndikafunsa ankati, "Amalume, ndibweza mwezi ukatha." Ndikakweza mawu, madzulo ake mchemwali wanga aimba foni. Patatha miyezi isanu ndinamulipirira sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, tinasiyana bwino, ndipo mpaka lero timadyera mbale imodzi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ntchito yowerenga ndalama ndinaichotsa pachibale kuyambira pamenepo.

Momwe ndinapezera wachiwiri

Ulendo uno ndinachita mwadongosolo. Ndinalengeza kutchalitchi ndi m'magulu awiri a WhatsApp, ndipo anabwera anthu 14. Satifiketi ya MSCE sindinaifune. Ndinaika makreti atatu osadzaza pakhonde, mita ya makina yojambulidwa pafoni, ndi hadikava yokhala ndi mizere, n'kuuza aliyense kuti awerenge, alembe, andiuze ngati manambala akugwirizana. Ndinasokoneza dala nambala imodzi. Ambiri analemba kuti zonse zili bwino, chifukwa ankaganiza kuti ndi zomwe bwana akufuna kumva. Atatu okha ndi amene anati pali cholakwika, ndipo mmodzi yekha ndi amene anabwereza kuwerenga kachiwiri asanalankhule.

Ameneyo ndi amene ndinamutenga. Ndi bambo wa ana atatu, wokulira pa esiteti m'banja la matenanti, ndipo ntchito yawo yomaliza inali yolemba kulemera kwa mabelo pa sikelo. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, ndipo iwo anabwera kutauni n'kuyamba kabaza wa njinga yakapalasa. Anandiuza kuti makolo awo ankagwira chaka chonse, pomaliza bwana n'kutulutsa buku la ngongole ya chimanga, mchere ndi feteleza lomwe iwo sanalionepo. Ndinamva, ndinagwedeza mutu, koma mawuwo sindinawasunge monga ankayenera.

Ndinatenga fotokope ya chiphaso chawo cha unzika, kalata ya kwa amfumu, ndi mboni ziwiri, ndipo ndinapita kukaona pomwe amakhala. Tinalemba kontrakiti m'Chichewa: maola, malipiro, miyezi itatu yoyeserera, ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, monga lamulo la ntchito la 2000 limanenera kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata. Lamulo lomwelo, pa ndime 27, limati bwana apereke kwa wantchito pepala lofotokoza za ntchito yake, ndipo pena limatinso maola asapitirire 48 pasabata popanda ovataimu. Pamwamba pa malipiro ndinaika kakomishoni pa chitini chilichonse chogulidwa, kuti makina akaima iwonso amve kuwawa, ndi bandulo ya intaneti kuti azinditumizira chithunzi cha mita akafika ndi pochoka.

Chaka chonse cha 2023 zinayenda. Manambala ankasiyana ndi chitini chimodzi, ziwiri, zomwe n'zachibadwa chifukwa ena amagula tokeni lero n'kudzaiponya mawa. Nditaona choncho ndinawasiyira makiyi onse awiri, monga ndinachitira ndi mphwanga uja. Chifukwa chake chinali mafuta. Petulo ankasowa, pamalo omwetsera pankakhala mizere, ndipo kupita ndekha ku Chinkhoma kukangotsegula bokosi ndinkakuona ngati kutaya ndalama.

Vuto

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo kuholoselo inakwera, nanenso ndinakweza tokeni mpaka K1,000. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo ndinawakwezera. Kunena zoona, mtima wanga unali wothina miyezi imeneyo, phindu litachepa mbali zonse.

Msika wa fodya utatsegulidwa mu Epulo tinaika makina pakhonde la golosale ina pa Chinkhoma, yomweyo ya mu 2023. Sabata yoyamba zinali bwino. Sabata yachiwiri mita inayenda 210, zitini zinachoka 210, wodzaza analemba matokeni 210 m'bokosi, koma golosale inapereka ndalama za matokeni 180. Sabata yotsatira kusiyana kunali 28, kenaka 33. Patauni makina atatu aja analibe vuto lililonse.

Ndinafunsa kugolosale. Mnyamata wa pakauntala, yemwe si wantchito wanga koma wa mwini golosale, anati thumba la matokeni limabwera loshota. "Iwo amati 210, ine ndikawerenga atapita ndimapeza 180." Ndinafunsa wodzaza. Anati, "Bwana, ndimawerenga kawiri, ndimapereka onse." Panalibe siginecha ya wolandira, chifukwa sindinaikepo lamulo loti thumbalo liziwerengedwa onse awiri akuona. Wodzaza ankalisiya pakauntala n'kuthamangira kutauni dzuwa lisanalowe.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo ndikufuna kufotokoza bwino momwe maganizo anga anayendera, chifukwa ndikudziwa kuti mabwana ambiri amayenda njira yomweyi. Ndinati: zakumwa zatuluka 210, ndiye matokeni 210 analowadi. Golosale yagulitsa 180 okha. Ndiye matokeni 30 akugulitsidwa ndi munthu wina kunja kwa kauntala. Amene amagwira matokeni ali yekha ndani? Wodzaza. Mwini golosale ndi mnzanga wa zaka zambiri, ndi mkulu wa mpingo, ndipo kukayikira kauntala yake kunali ngati kukayikira iye. Anzanga a bizinesi nditawauza anangoti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Masamu anali olondola mzere ndi mzere, koma anandifikitsa pa munthu wolakwika, chifukwa ndinayamba ndi kusankha amene ndingamukayikire mosavuta.

Panalinso china. Sabata yachitatu wodzaza anandiuza pafoni kuti, "Bwana, matokeni ena akuoneka otuwa, sakufanana ndi anzawo." Ndinayankha kuti chitsulo chimatuwa ndi thukuta la m'manja, ndipo ndinadula foni. Ndinkaona ngati akufuna kusokoneza nkhani.

Kumapeto kwa Meyi ndinadula K30,000 pa malipiro awo, gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ndinalemba m'buku kuti "shoteji ya Chinkhoma". Ndinawauza kuti zikapitirira ntchito itha. Analandira envelopu ndi manja awiri, anawerenga, sanayankhe kanthu. Mawa lake anabwera kuntchito nthawi yake. Patatha masiku anayi ndinalandira kalata yondiitana ku ofesi ya zantchito ya paboma.

Ndinapita nditakwiya, hadikava ili m'khwapa. Mayi amene anatilandira anamvetsera mbali zonse, anaona manambala anga, kenaka anafunsa, "Bambo, musanadule ndalamazi munawafunsa?" Ndinati ndinawafunsa. Iwo anati, "Munawafunsa kapena munawauza?" Anandifotokozera kuti lamulo sililola bwana kulipitsa wantchito chindapusa cha ndalama mwa kufuna kwake, kuti ndime 57 imati munthu asachotsedwe ntchito pa mlandu wa khalidwe asanapatsidwe mwayi wodziteteza, ndiponso kuti nkhani ikafika ku khoti la zantchito, woyenera kubweretsa umboni wa chifukwa chochotsera munthu ndi bwana. Anandifunsa ngati ndili ndi umboni woti matokeni anasowa m'manja mwa wodzaza osati pakauntala. Ndinalibe. Anatipatsa masabata awiri kuti tifufuze tisanabwerenso.

Kufufuza

Ndinachita chinthu chomwe ndikanachita sabata yachiwiri ya msika. Ndinatenga kiyi wa bokosi, ndinawasiyira wodzaza wa chitseko yekha, ndipo Loweruka tinapita limodzi ku Chinkhoma osauza aliyense. Ndinapempha mwini golosale kuti akhalepo. Tinatsegula bokosi, tinakhuthulira matokeni m'lichero pakhonde pomwepo, ndipo m'malo mongowerenga tinayang'ana imodziimodzi.

Analipo 204. Mwa amenewo 173 anali ndi chilembo changa. Ena 31 analibe chilembo, otuwa pang'ono, kukula kwake chimodzimodzi. Wodzaza anatola imodzi, anaitembenuza, anati, "Ndi awa ndinkanena aja, bwana."

Anali matokeni a tebulo la pulu la bala ina yapafupi. Mekaniki uja, posintha pakamwa pa makina, anachititsa kuti azingoyeza kukula kwa chitsulo basi. Kale zinalibe kanthu, chifukwa mtengo wa tokeni yanga ndi ya pulu sizinkasiyana kwambiri moti munthu n'kuvutikira. Koma nditakweza yanga kufika K1,000, ya pulu inatsala yosafika ngakhale theka. Wina anayesa, chitini chinagwa, ndipo nkhani inafala pakati pa anyamata onyamula mabelo. Mnyamata wa pakauntala anazindikira msanga. Thumba likabwera ankasankhamo matokeni a puluwo, n'kuwagulitsanso kwa anyamata omwewo pamtengo wotsika, ndipo kwa ine ankanena nambala ya otsalawo. Mwa njira ina sankanama: matokeni anga m'thumbamo analidi 180. Mwini golosale atamupanikiza anavomera. Mwini bala naye ankadabwa kuti matokeni ake akuchepa bwanji.

Nkhani ya mnyamatayo ndinaisiya m'manja mwa bwana wake, koma ikundiphunzitsabe mpaka pano. Ndinayesa munthu mmodzi ndi makreti, chiphaso, kalata ya amfumu ndi mboni ziwiri, pomwe ndalama zanga zinkadutsa m'manja mwa anthu ena anayi a pamakauntala omwe sindinkadziwa ngakhale kwawo. Woyesedwayo ndiye anali woyamba kumukayikira, chifukwa ndiye yekha amene malipiro ake ndikanatha kuwagwira.

Pofufuza panatulukanso china chomwe sindinkafuna. Mwini golosale anatchula kuti Lachinayi lina kumabwera mnyamata wina kudzadzaza makina. Ndinafunsa wodzaza, ndipo sanakane. Kuyambira pomwe ndinawadula ndalama, komanso kawiri konse m'mbuyomo, ankatuma mng'ono wawo ndi makreti pa minibasi, iwo n'kumanyamula anthu pa njinga yanga yamoto kuti apeze ya ufa. Zithunzi za mita ankajambula ndi mng'ono wawoyo n'kuwatumizira. Uku kunali kulakwa kwenikweni: kiyi wanga anali m'manja mwa munthu wosamudziwa, ndipo njinga ikanachita ngozi itanyamula munthu, mlandu ukanafika kwa ine.

Zomwe ndinachita

Ndinasiyanitsa nkhani ziwirizi, ndipo ndikuona kuti apa ndinachita bwino. Mtima unkafuna kuziphatikiza, kunena kuti inu munalakwa, inenso ndinalakwa, zathera pompo. Koma sizofanana. Ine ndinatcha munthu wakuba popanda umboni ndipo ndinachotsa chakudya pakamwa pa ana ake. Zimenezo zinkafunika kukonzedwa pazokha, zisanakhudzane ndi china chilichonse.

Lamulungu masana ine ndi mayi a kunyumba tinapita kwawo ndi nkhuku ndi K30,000 ija. Ndinapepesa pamaso pa akazi awo ndi atsibweni awo, chifukwa mbiri yoti anaba inali itafika kale kumeneko. Atsibweniwo analankhula nthawi yaitali za dzina la munthu, ndipo ine ndinangokhala chete kumvetsera. Lolemba tinabwerera ku ofesi ya zantchito kukanena kuti nkhani yatha.

Za njinga ndi mng'ono wawo tinakambirana Lachitatu, patsiku lakelake. Ndinawalembera kalata yofotokoza mlandu, ndinawauza kuti abwere ndi munthu amene akumufuna, ndipo ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Anapatsidwa chenjezo lolemba, anasaina. Pomvetserapo ndinazindikiranso kuti Lachinayi ndinkawapatsa makina onse anayi kuphatikiza ulendo wa kuholoselo, ntchito yoti munthu mmodzi sangaimalize dzuwa lili m'mwamba. Tinasuntha Chinkhoma kukhala Lachiwiri ndi Loweruka.

Mekaniki anabweranso n'kuika chipangizo choyeza kulemera ndi mtundu wa chitsulo, chomwe chimayerekeza tokeni iliyonse ndi yachitsanzo yomwe ili m'kati. Chinandidyera ndalama zoposa zomwe ndinataya, koma matokeni a pulu tsopano amangogwera kunja. Kiyi wa bokosi ali ndi ine, kapena mayi a kunyumba ndikachoka. Bokosi limatsegulidwa anthu awiri alipo, matokeni amawerengedwa pakauntala wolandira akuona, ndipo onse amasaina m'buku la makaboni, pepala limodzi kwa ine, lina kwa mwini malo, lina kwa wodzaza. Kamodzi pamwezi ndimawerenga matokeni onse a pamalo amodzi, a m'bokosi ndi a pakauntala, kuona ngati akukwana omwe ndinapereka. Ndi eni malo ndinalemba pangano loti matokeni omwe asainira ndi ngongole yawo, kaya pakauntala pali ndani. Mmodzi anakana, ndipo makinawo ndinawasamutsa.

Ena amati kumulanda munthu kiyi wa bokosi n'kumuonetsa kuti sukumukhulupirira. Ine ndinkaganizanso choncho, n'chifukwa chake ndinkapereka makiyi onse ngati ulemu. Koma wodzaza yemwe ndi amene anati sakufunanso kiyi ameneyo. Pamene anali nawo onse awiri, panalibe munthu padziko amene akanawachitira umboni. Chilichonse chosowa chinkagwera pa iwo, ndipo kukhulupirika kwawo kunalibe poonekera.

Chomwe sichinabwerere ndi momwe tinkachezera. Kale ankandiuza zinthu zing'onozing'ono panjira: kuti paloji afuna madzi a m'botolo, kuti firiji ya pachipatala ikulira mwachilendo. Miyezi ingapo pambuyo pa nkhaniyi ankangoyankha zomwe ndafunsa. Ndinaika tsamba kumapeto kwa hadikava loti azilembapo chilichonse chachilendo chomwe aona, ndipo Loweruka lililonse ndimaliwerenga iwo ali pomwepo, n'kuyankha mzere uliwonse, ngakhale womwe ndikuona ngati ulibe ntchito. Pang'onopang'ono tsambalo layamba kudzaza.

Akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo nyengo ya fodya ikafika ndimalemba waganyu wowathandiza, yemwe amamuyesa ndi iwo, ndi makreti atatu omwe aja ndi nambala imodzi yosokoneza dala.

Tsiku lomwe tinabwera kuchokera ku ofesi ya zantchito anandipempha chinthu chimodzi. Anatsegula buku la malipiro pa tsamba la Meyi, pomwe ndinalemba "shoteji ya Chinkhoma", ndipo anati, "Bwana, musafute. Mulembe pansi pake kuti ndalamayi yabwezedwa, ndipo mulembe chifukwa chake." Ndinalemba, ndinaika deti, ndinasaina, iwonso anasaina. Kenaka anajambula tsambalo pafoni yawo.